Njoka yoluma osatupitsa: phunziro la njoka ya coral

Alimi anzanga, nyengo ya dzinja ikafika, ife amene timakhalira kuzungulira m'minda timamva nkhani za njoka pafupifupi sabata iliyonse. Wina yamuluma akupalira, wina akuzula mbande ku nazale, wina akutola nkhuni. Ndaona kuti munthu akalumidwa, funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti, "Kodi patupa?" Ngati sipanatupe ndipo wolumidwayo sakubuula, onse mitima imakhala pansi, n'kumati inali njoka yachabechabe. Lero ndafuna kuti tiphunzire za njoka ina ya kutali, ku America, imene imatsutsa maganizo amenewa. Dzina lake ndi coral. Kwathu kuno kulibe, koma abale ake alipo, ndipo phunziro lake lingathe kupulumutsa munthu wa pakhomo panu.

Zimene ndinaona ku Brazil

M'chaka cha 2019 ndinapita ku Brazil kukachita maphunziro a masabata ochepa a ulimi wa khofi m'chigawo cha Minas Gerais. Unali mwezi wa November, ndipo mvula inali itayamba monga imachitira kuno. Tsiku lina m'mawa antchito a pa munda umene tinkaphunzirirapo ankafukula mulu wa makoko a khofi ndi masamba owola kuti akathire m'mitengo ngati manyowa. Mnyamata wina anapisa dzanja pansi pa muluwo, ndipo analitulutsa mwamsanga. Pachala pake panali patakanirira kanjoka kakang'ono, kokongola ngati mkanda, ka mizere yofiira, yakuda ndi yoyera. Atagwedeza dzanja kanagwa pansi n'kulowanso m'masamba.

Ine ndinathamangira kukaona chalacho. Panali timadontho tiwiri ngati pamene pabaya minga. Magazi sanali kutuluka ndipo sipanatupe. Mnyamatayo ankaseka, n'kumati akungomva kadzanzi pang'ono, ndipo ankafuna kupitiriza ntchito. Kunena zoona, inenso ndi digiri yanga yonse ndinaganiza kuti palibe chodetsa nkhawa. Koma kapitawo wa pamundapo, bambo wachikulire ndithu, sanafune kumva zimenezo. Anamuvula mphete, anamuletsa kuyenda, ndipo anamukweza m'galimoto ulendo wa ku chipatala chachikulu cha m'tauni.

Madzulo ake tinamva kuti patapita maola angapo ali m'chipatalamo, zikope zake zinayamba kugwa ndipo mawu ake ankamveka ngati a munthu woledzera. Madokotala anali okonzeka kale, choncho anamupatsa mankhwala olimbana ndi poizoni wa njoka nthawi yomweyo. Patatha masiku ochepa anatuluka ali bwino. Akanatsatira maganizo anga, zizindikirozo zikanamupezera kunyumba usiku, kutali ndi thandizo. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga mwakhama za njoka zimenezi.

Kodi njoka ya coral ndi yotani?

Njoka za coral zilipo za mitundu yoposa 70, ndipo zimapezeka kuyambira kummwera kwa dziko la United States, kudutsa ku Mexico ndi ku Costa Rica, mpaka ku Brazil ndi ku Argentina. Zambiri mwa izo akatswiri amazitcha Micrurus. Dzina loti coral linachokera ku timiyala tofiira topezeka pansi pa nyanja yamchere, timene anthu amapangira mikanda. Njoka zambiri za mtunduwu zimatalika masentimita 50 mpaka 80, ndipo kunenepa kwake sikuposa chala cha munthu wamkulu. Mutu ndi waung'ono, wosasiyana kwenikweni ndi khosi, ndipo maso ndi ang'onoang'ono.

Zimakonda kubisala pansi pa masamba owola, m'zitsa ndi m'mauna, ndipo chakudya chake ndi tinjoka tinzake ndi abuluzi. Si njoka zaukali. Anthu ambiri amalumidwa chifukwa aigwira ndi manja kapena aiponda, ndipo ana amaitola kaamba ka kukongola kwake. Ku Brazil, mwa anthu 100 aliwonse olumidwa ndi njoka, amene amalumidwa ndi coral sapitirira mmodzi. Komabe madokotala a kumeneko amaiopa kwambiri.

Ku United States kuli mitundu itatu. Woyamba, umene uli woopsa kwambiri, umapezeka ku Florida ndi m'zigawo zoyandikana nazo. Wachiwiri uli ku Texas, ndipo wachitatu, umene uli waung'ono kwambiri, uli ku Arizona. M'dziko limenelo anthu amaphunzitsa ana kuti coral yeniyeni imadziwika chifukwa mzere wofiira umagundana ndi wachikasu, pamene pa njoka zopanda poizoni zofanana nayo mzere wofiira umagundana ndi wakuda. Koma lamuloli siligwira ntchito ku Brazil ndi m'maiko ena a kummwera, kumene coral zambiri zoopsa zili ndi mzere wofiira wogundana ndi wakuda, monga inalili ija ndinaiona ine. N'chifukwa chake alimi a kumeneko sataya nthawi ndi kuwerenga mizere.

Coral ili m'banja limodzi ndi njoka zimene pa Chingerezi amati cobra ndi mamba, zimene kwathu kuno zambiri timangozitcha mamba. Banjali akatswiri amalitcha Elapidae. Njoka za m'banjali zili ndi mano a poizoni aafupi, okhazikika kutsogolo kwa kamwa, kusiyana ndi mphiri imene mano ake ndi aatali ndipo amapindika ikatseka pakamwa. Popeza mano a coral ndi ang'onoang'ono kwambiri, bala lake nthawi zina silioneka n'komwe. Kawirikawiri ikaluma imakanirira kwa kanthawi, koma ngakhale italuma n'kusiya msanga, ikhoza kusiya poizoni wokwanira kupha munthu.

Mmene poizoni wake amagwirira ntchito

Poizoni wa mphiri amaononga mnofu ndi magazi. N'chifukwa chake mwendo umatupa, umatuluka matuza ndipo nthawi zina umawola. Poizoni wa coral sagwira ntchito choncho. Iye amalimbana ndi mitsempha imene imanyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku minofu.

Kuti munthu atukule dzanja, aphethire, ameze malovu kapena apume, ubongo umatumiza uthenga kudzera mu mtsempha. Pamene mtsempha ukumana ndi mnofu pali kampata kakang'ono, ndipo mtsempha umatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine timene timaoloka kampatako n'kukauza mnofu kuti ukokeke. Tiyerekeze kuti timadziti ndi mthenga wa mfumu amene akupita ndi uthenga ku nyumba ya munthu. Mu poizoni wa coral muli zinthu za mitundu iwiri. Zina zimatseka chitseko cha nyumbayo kuti mthenga asalowe. Zina zimaononga nsonga ya mtsempha, kumene mthengayo amanyamukira. Mwa njira zonse ziwiri uthenga sufika, ndipo mnofu umangoti lobodo ngakhale munthuyo akufunitsitsa kuusuntha.

Njira yachiwiriyi ndi imene ikuchititsa kuti kufulumira kukhale kofunika. Mankhwala olimbana ndi poizoni amagwira poizoni amene akuyendabe m'magazi, koma sangakonze nsonga ya mtsempha imene yaonongeka kale. Ikaonongeka, thupi limayenera kuikonza lokha, ndipo zimenezi zimatenga masiku kapena masabata. Nthawi yonseyo munthuyo amafunika wina womuthandiza kupuma.

Zizindikiro zake

Chinthu choyamba choyenera kudziwa ndi chakuti zizindikiro zikhoza kuchedwa. Kwa ena zimayamba pasanathe ola limodzi, koma kwa ena zimabwera patapita maola 12 kapena kuposa pamenepo. Munthu akhoza kudya nsima, kucheza ndi anzake n'kupita kukagona, poizoni akuyenda mwakachetechete. Zikayamba, zimakonda kuyambira kumutu n'kumatsikira kumunsi motere:

1. Pabala pamachita dzanzi kapena kunyerenyesa, ndipo dzanzilo likhoza kukwera ndi mkono kapena mwendo. Kutupa kumakhala kochepa kapena sikukhalapo.

2. Munthu amamva mseru, amasanza, amachita chizungulire ndipo mutu umamupweteka.

3. Zikope zimalemera n'kuyamba kugwa ngati wagwidwa tulo. Amakwinya pamphumi kapena kupendeketsa mutu cham'mbuyo kuti aone bwino. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu choyamba chosonyeza kuti mitsempha yagwidwa.

4. Amaona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, ndipo maso amakanika kuyenda bwino.

5. Lilime limalemera, mawu samveka bwino, kumeza kumavuta ndipo dovu limangotuluka.

6. Khosi limalephera kunyamula mutu, kenaka manja ndi miyendo zimafooka.

7. Potsiriza minofu ya m'nthiti ndi mnofu waukulu wa pansi pa mapapo zimafooka. Kupuma kumakhala kwapamwambamwamba, milomo imasintha mtundu, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira chifukwa chosowa mpweya.

Tionetsetse bwino pamenepa: chimene chimapha si bala, koma kuleka kupuma. Ndiponso munthu amene wafooka chotere kawirikawiri amakhala akumva zonse zimene anthu akulankhula ngakhale sangathe kuyankha kapena kutsegula maso. Tisathamangire kunena kuti watisiya, ndipo tisalankhule mawu otayitsa mtima pafupi naye.

Si coral zonse zimene zimaluma mosapweteka. Ya ku Texas imapweteka koopsa, ndipo m'chaka cha 2011 akatswiri a pa University of California ku San Francisco, motsogozedwa ndi David Julius, anapeza chinthu cha mu poizoni wake chimene chimadzutsa mitsempha yomvera kupweteka. Tsono kupweteka kapena kusapweteka kwa bala si muyeso wa kuopsa kwa njoka.

Ku United States mankhwala a poizoni wa coral anayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1967, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 sikunalembedwe imfa ya munthu wolumidwa ndi njokayi. M'chaka cha 2006 bambo wina ku Florida analumidwa ndipo sanapite kuchipatala. Anamwalira patangopita maola ochepa. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Chithandizo choyamba

Malangizo awa akugwirizana ndi amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limapereka, ndipo amagwira ntchito pa njoka zonse zofoola mitsempha.

Choyamba, chotsani wolumidwayo pafupi ndi njokayo. Musataye nthawi kuisakasaka kuti muiphe, chifukwa ena amalumidwa pochita zimenezo. Ngati pali foni yojambula ndipo njoka ikuoneka, ijambuleni muli patali. Dziwani kuti mutu wa njoka yakufa ukhoza kulumabe.

Chachiwiri, mulimbitseni mtima ndipo agone pansi osasuntha. Poizoni amayenda msanga munthu akamathamanga kapena kugwedeza chiwalo cholumidwacho. Muvuleni mphete, zibangili, wotchi, nsapato ndi chilichonse chothina. Ikani thabwa kapena ndodo m'mbali mwa mkono kapena mwendo n'kukulunga ndi nsalu kuti usapindike, monga timachitira munthu akathyoka fupa.

Chachitatu, munyamuleni. Asayende yekha ndipo asapalase njinga. Gwiritsani ntchito machira, chitseko, ngolo kapena galimoto. Ngati pali njinga yamoto yokha, munthu wina akhale kumbuyo kwake kuti amugwire, popeza akhoza kufooka panjira n'kugwa. Lembani kapena kumbukirani nthawi imene walumidwa, chifukwa dokotala adzafunsa.

Chachinayi, musamupatse chakudya kapena chakumwa, pakuti kumeza kukavuta zinthuzo zimalowa m'mapapo. Akayamba kusanza kapena kutuluka dovu, mugonekeni chammbali, pakamwa pataloza pansi.

Chachisanu, yang'anirani kupuma kwake ulendo wonse. Akaleka kupuma, mugonekeni chagada, pukutani m'kamwa, tukulani chibwano, tsekani mphuno zake ndi zala ndipo muuzireni mpweya pakamwa mpaka chifuwa chitukuke, kamodzi pa masekondi 5 kapena 6 aliwonse. Musaleke kufikira mutafika kuchipatala. Poizoni sangakulowereni pochita zimenezi, ndipo anthu apulumukapo chifukwa anzawo anawapumira kwa nthawi yaitali.

Pali njira inanso yokulunga chiwalo chonse ndi bandeji yotambasuka, kuyambira kuzala kukwera mpaka kumtunda, mothina monga mmene timamangira mwendo wobinya, kenaka n'kuika thabwa. Njirayi inayambira ku Australia m'chaka cha 1979 ndi katswiri wotchedwa Struan Sutherland, ndipo imachedwetsa kuyenda kwa poizoni. Koma ndi yoyenera pa njoka zofoola mitsempha zokha. Ngati pabala pakutupa, kapena njoka ndi mphiri kapena mamba yolavula, musaigwiritse ntchito chifukwa imaonjezera kuonongeka kwa mnofu. Bandejiyo ikamangidwa, akaimasule ndi achipatala.

Zosayenera kuchita

Musamange chingwe, lamba kapena mphira wa njinga mothinitsa pamwamba pa bala. Kutero kumaimitsa magazi, ndipo anthu ambiri adulidwa miyendo chifukwa cha chingwe osati chifukwa cha njoka. Musateme mphini pabala ndipo musayamwe. Musaotche, musathire palafini, petulo kapena mankhwala a mbewu, ndipo musaike madzi oundana. Mwala wakuda umene ena amaumata pabala sutulutsa poizoni amene walowa kale m'thupi. Musamupatse kachasu kapena mowa uliwonse. Ngati akumva kupweteka, panado ndi amene ali woyenera pamene akutha kumeza bwino, osati aspirin kapena brufen, chifukwa awiriwa amaonjezera kutaya magazi ngati njokayo inali ya poizoni woononga magazi.

Ena adzati, "Nanga bwanji uje anachira atamwa zitsamba?" Yankho lake ndi lakuti njoka zambiri zilibe poizoni woopsa, ndipo ngakhale yoopsa nthawi zina imaluma osasiya poizoni. Munthu wotere amachira ngakhale atamwa madzi okha, ndipo ulemu umapita kwa mankhwala amene anamwa. Vuto ndi lakuti pa ola loyamba palibe amene angasiyanitse woluma mwachabe ndi wosiya poizoni. Malo abwino odikirirapo yankho ndi pa bedi la kuchipatala.

Zimene amachita kuchipatala

Munthu wolumidwa ndi coral amasungidwa m'chipatala kwa maola osachepera 24 ngakhale akuoneka wabwinobwino. Anamwino amamuyesa pafupipafupi: amamuuza kuti ayang'ane kumwamba kuti aone ngati zikope zikugwa, amamvetsera mawu ake, amaona mmene akumezera ndipo amayesa mphamvu ya kupuma kwake.

Mankhwala enieni ndi amene madokotala amawatcha antivenom, ndipo amalowetsedwa mu mtsempha wa magazi kudzera mu diripi. Ku United States amayamba ndi timabotolo 3 mpaka 5, ndipo amaonjezera ngati pakufunika. Madokotala ena kumeneko amapereka mankhwalawa akangotsimikiza kuti njoka inali coral, pamene ena amadikira chizindikiro choyamba ali tcheru pafupi ndi wodwalayo. Ku Brazil wodwala kwambiri amalandira timabotolo 10, ndipo mankhwalawa amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Mwana amalandira muyeso wofanana ndi wa munthu wamkulu, pakuti njoka siichepetsa poizoni poona kuti waluma ndi mwana.

Popeza mankhwalawa amachokera m'magazi a hatchi, thupi la anthu ena limawakana. Munthu amatuluka zidzolo, amabanika ndipo magazi amathamanga motsika. N'chifukwa chake jakisoni wa adrenaline amakhala wokonzeka asanayambe diripi, ndipo n'chifukwa chakenso antivenom si mankhwala osunga pakhomo kapena obayira kumudzi. Ena patapita sabata imodzi kapena ziwiri amamva kutentha thupi, kuyabwa ndi kuphwanya m'mfundo. Zikatero abwerere kuchipatala, chifukwa zimenezi zili ndi mankhwala ake.

Ngati kupuma kwayamba kuvuta, madokotala amalowetsa paipi kukhosi n'kumulumikiza ku makina opumira. Kumene kulibe makina amagwiritsa ntchito kathumba kofinya ndi manja, anthu n'kumasinthana. Chithandizo chimenechi pachokha chimapulumutsa moyo ngakhale pamene antivenom palibe, chifukwa poizoni amatha mphamvu ndipo mitsempha imachira. Palinso mankhwala otchedwa neostigmine, amene amaperekedwa pamodzi ndi atropine. Amenewa amachulukitsa timadzi tonyamula uthenga tija, ndipo ku Brazil athandizapo anthu olumidwa ndi mitundu ya coral imene poizoni wake amangotseka chitseko osaononga mtsempha. Wodwala amalandiranso katemera wa kafumbata ngati sanalandire posachedwa. Amene afika msanga amachira kwathunthu, ngakhale ena amakhala ofooka kwa masabata angapo.

Njoka iliyonse ndi mankhwala ake

Antivenom amapangidwa pobaya hatchi ndi poizoni wochepa mobwerezabwereza, mpaka magazi ake atapanga chitetezo. Kenaka amatenga magaziwo, n'kulekanitsa chitetezocho ndi kuchiyeretsa. Anayambitsa njirayi ndi Albert Calmette wa ku France m'zaka za m'ma 1890. Dokotala wa ku Brazil, Vital Brazil, amene anatsogolera Instituto Butantan ku São Paulo kuyambira m'chaka cha 1901, ndiye anaonetsa kuti mankhwala opangidwa ndi poizoni wa njoka ya mtundu wina sagwira ntchito pa njoka ya mtundu wosiyana nawo.

Pa chifukwa chimenechi dera lililonse limapanga akeake. Butantan imapanga a coral za ku Brazil. Ku Costa Rica amapangidwa ndi Instituto Clodomiro Picado, imene inakhazikitsidwa mu 1970. Ku Mexico kuli otchedwa Coralmyn. A ku United States amagwira pa coral ya ku Florida ndi ya ku Texas, koma osati ya ku Arizona. Kampani ya Wyeth imene inkawapanga inasiya m'zaka za m'ma 2000, ndipo kwa zaka zingapo boma la dzikolo linkangoyesa timabotolo totsala n'kumaonjezera tsiku lake lothera mphamvu. Ngati dziko lolemera chotero linavutika kupeza mankhwala a njoka, ife tisayembekezere kuti tidzawapeza pa chipatala chilichonse.

Phunziro lake kwa ife

Abale athu amene amagwira ntchito m'minda ya ku South Africa ndi ku Namibia adziwe kuti kumadzulo kwa maiko amenewo kuli njoka ina yaifupi, ya mizere yofiirira ndi yakuda, imene amaitcha Cape coral snake. Si mtundu umodzi ndi za ku America, koma ndi ya banja lomwelo ndipo poizoni wake amafoola mitsempha. Imayenda usiku, ndipo ilibe antivenom wake, choncho chithandizo chake ndi kusungidwa m'chipatala ndi kuthandizidwa kupuma.

Kuno kwathu tili ndi black mamba, green mamba ndi forest cobra, ndipo poizoni wa zonsezi amafoola mitsempha. Zizindikiro zake ndi zomwe zija: dzanzi, zikope kugwa, lilime kulemera, dovu, kenaka kubanika. Kusiyana kwake ndi kwakuti black mamba ili ndi poizoni wochuluka ndipo sichedwa. Zizindikiro zikhoza kuyamba pasanathe theka la ola, pomwenso munthu amatuluka thukuta kwambiri. Mamba yolavula ija imene imalowa m'nyumba usiku ndi yosiyana, pakuti poizoni wake amaononga mnofu ngati wa mphiri. Ikalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenaka pitani kuchipatala.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la WHO likuti chaka chilichonse njoka zimaluma anthu okwana 5.4 miliyoni padziko lonse, ndipo pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira. Olumala amachuluka pafupifupi katatu kuposa omwalirawo, ndipo ambiri ndi alimi ndi ana awo. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuchepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika chaka cha 2030.

Mbali yathu ife alimi ndi kupewa ndi kukonzeka. Pofukula mulu wa manyowa, mapesi kapena nkhuni, yambani ndi khasu kapena ndodo yaitali, osati manja. Valani jombo popita m'dimba ndi m'udzu wautali. Usiku yendani ndi tochi, ngakhale popita kuchimbudzi. Lambulani kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola la nkhuku ndi chigafa, ndipo thanani ndi makoswe chifukwa ndiwo amaitana njoka. Gonani m'neti yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi. Phunzitsani ana kuti njoka siitoledwa, ikhale yokongola kapena yooneka ngati yakufa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, patulani mphindi zochepa mukambirane mafunso atatu. Kodi wina akalumidwa usiku, adzamunyamula ndani ndipo pa chiyani? Kodi ndalama ya mafuta idzachokera kuti? Kodi chipatala chimene chimasunga antivenom ndiponso chokhoza kuthandiza munthu kupuma ndi chiti? Funso lachitatuli kafunseni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsopano lino, pakuti zipatala zing'onozing'ono zambiri sizikhala ndi mankhwalawa, ndipo n'kwabwino kudziwiratu kumene adzakutumizeni. Pemphaninso achipatala kuti adzaphunzitse anthu awiri kapena atatu a m'kalabu mwanu kauziridwe ka mpweya.

Ine ndinaphunzira kwa kapitawo uja, amene sanayang'ane kukula kwa bala koma anayang'ana msewu wa kuchipatala. Munthu akalumidwa ndi njoka imene simukuidziwa bwino, patupe pasatupe, papweteke pasapweteke, nyamukani naye nthawi yomweyo. Akakhala maola 24 m'chipatala n'kutuluka wopanda vuto, mwangotaya tsiku limodzi lolima, ndipo mzere umene watsalawo adzaupalira mawa.